Ndidazimitsa Intaneti Mlongo Wanga Ali Pakati pa Moyo ndi Imfa

Inu owerenga, kwathu amanditama kuti ndidapulumutsa mlongo wanga. Zoona zake n'zakuti ndine amene ndidatsala pang'ono kumupha, ndipo pachibale palibe amene akudziwa.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta mumzinda wa Lilongwe. Ena mwa makina omwe ndimayang'anira ndi seva, kompyuta yoyendetsa makompyuta ena, ya kachipatala kena kumbali ya Nsaru, kufupi ndi kwathu. Kachipatalako kali kudambo, foni sizigwira. Anamwino akafuna ambulansi amaimba kudzera pa intaneti, ndipo intanetiyo imadutsira mu seva imeneyo. Ine ndimalowamo ndili khale mu ofesi.

Tsikulo linali la mvula. Mlongo wanga Esinta, yemwe adali woyembekezera, adali kuchidikiro komweko, ndipo m'mawa anamwino adandilembera kuti matenda ayamba, koma zonse zili bwino. Ndidakondwa, n'kupitiriza ntchito yanga yosintha adiresi ya seva.

Lamulo la ntchitoyi ndinkalidziwa. Usanasinthe kanthu, umayamba wauza makinawo kuti akaona sunabwerenso pakapita kanthawi, abwezere okha zakale. Ine ndidati zimenezo n'za ophunzira. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndidalemba, ndidadina, seva idangoti zii.

Ndidayesa kulowanso, osatheka. Kuimbira anamwino, osapezeka. Apo m'pamene ndidakumbukira Esinta. Ndidaopa, abale, ndidangotenga laputopu n'kutuluka mu ofesi.

Ndidakwera minibasi, kenako njinga yamoto. Tidapeza mtsinje utadzaza, mlatho osaoneka. Wanjinga adakana, nati, "Bwana, inetu ndili ndi ana. Tidikire madzi aphwe." Ndidakhala pamtunda kuyang'ana madziwo, m'mutu mukungobwera maliro. Atangotsikako pang'ono ndidavula nsapato, laputopu pamutu, ndidaoloka madzi akufika m'chifuwa.

Kuchipatala ndidapeza amayi atakhala pakhonde, chitenje chili kukamwa. Mwana adagona mopingasa m'mimba mwa Esinta. Anamwino adali atayesa kuimba kambirimbiri, mpaka adatuma mlonda pa njinga kukasaka netiweki pachulu cha kutali, koma napo mvula idasokoneza. Ndinkamva Esinta akubuula mkati, mawu akunka nachepa.

Ndidalumikiza chingwe ku seva. Ndidaona kuti ndidalakwitsa nambala imodzi yokha. Kukonza sikudatenge nthawi yomwera kapu ya madzi. Anamwino adaimba pomwepo, ambulansi idazungulira njira yakutali, n'kumutengera kuchipatala chachikulu.

Esinta adachira. Mwana adabadwa wamwamuna, koma adachedwa kulira. Lero anzake akuthamanga, iye akadakwawa, ndipo mawu sadayambe. Madokotala sanena motsimikiza chidachititsa. Mwina zikadachitikabe. Mwinanso ayi, ndipo funso limeneli limandidya tsiku lililonse.

Amayi adafalitsa mudzi wonse, ngakhale kutchalitchi adakaimirira. Adati, "Mphezi idaononga makina, koma mwana wangayu adachita kumva m'thupi, adaoloka mtsinje wodzaza kudzakonza. Eti alipo mlongo wotere?" Anthu adaomba m'manja. Ine ndidangoweramitsa mutu, iwo n'kumati n'kudzichepetsa.

Inu amene mumagwira makina ali kutali, ndikupempheni. Musasinthe za netiweki musanakonze njira yoti makinawo abwerere okha mwakale. Funsani kaye amene ali komweko ngati nthawiyo ili yabwino, ndipo pakhale munthu pafupi woti n'kukuthandizani zikavuta. Nyengo ya mvula, ngati si zachangu, zisiyeni. Musanadine, dzifunseni kuti kumapeto kwa waya umenewo kuli yani.

Mwanayo adamutcha dzina langa, pothokoza. Ndikapita kumudzi Esinta amandipatsira m'manja, amvekere, "Nyamulani mnzanu, achimwene, pakadapanda inu sakadakhalapo." Ndimamunyamula, iye amandisekerera, ndipo ine ndimalephera kumuyang'ana m'maso.