Malipiro Oyamba a Thandazani Daka

Ku Kabwata mukafunsa za mtsikana wa sola, ngakhale wogulitsa tomato pakona akulozerani nyumba yake. Ndi Thandazani Daka, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamfupi, woyenda ngati wachedwa ngakhale tsiku limene alibe kopita. Anaphunzira zamagetsi zaka ziwiri, kenako chaka chathunthu chinatha akunyamulira zida amisiri amene ankangomupatsa ya minibasi, uku akumuuza kuti padenga si pokwera mkazi. Iye ankangoyang'anitsitsa mmene akulumikizira mawaya, n'kumasunga m'mutu zonse zimene ankalakwitsa, ndipo zinalipo zambiri.

Chaka chimene magetsi anayamba kuzima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka, mwayi unamupeza. Mayi wina wa ku Kabulonga, dzina lake Helen, anali atagula kale mapanelo ndi mabatire, koma amisiri awiri anabwera, n'kudya ndalama zake, n'kumusiya ali mumdima womwewo. Thandazani anakhala padenga la nyumbayo masiku anayi. Tsiku lachisanu firiji inalira, mpope wa madzi unadzuka, ndipo mlonda amene tsiku loyamba anamufunsa ngati wabwera kudzafuna ntchito yochapa anamutsegulira geti lalikulu lija la magalimoto. Mu chikwama chake munali envelopu ya K16,000, ndalama zoyamba zenizeni zimene manja ake anapanga.

Kwa a Daka, monga m'mabanja ambiri ochokera kum'mawa, malipiro oyamba sadyedwa ndi mwini wake. Amapita onse kwa makolo, osachotsapo ngakhale ya botolo la madzi, kuti makolowo adalitse manja amene agwira ntchito. Ndipo zikapita zapita. Wobwerera kukapempha gawo la ndalama zoterozo amakhala ngati wakabweza dalitso, ndipo nkhani yake imafika kumudzi ku Katete minibasi isanafike m'tauni.

Thandazani sanachite kukumbutsidwa. Loweruka la sabata yomweyo anapita ku Chelstone kwa atate ake, a Edmond Daka, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki wa mu ofesi, ndipo ankakhala okha kuyambira pamene mayi ake a Thandazani anamwalira. Anagwada n'kupereka envelopu ndi manja awiri. Atate ake anapemphera pemphero lalitali mpaka mawondo a mwanayo anachita dzanzi. Kenako anagawa: chakhumi kutchalitchi, gawo lalikulu kwa azakhali a ku Katete amene anathandiza fizi, pang'ono kwa amalume awiri, zotsala n'kusunga iwo.

Za msonkho palibe amene anaziganizira, ndipo ine sindingawaimbe mlandu. A Daka anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi akulandira malipiro odula kale. Mwana wawo anakula akudziwa kuti ndalama ikafika m'manja ndiye kuti boma latengako kale zake. Sanadziwe kuti wodzilemba yekha ntchito amadzidulanso yekha.

Patapita masabata atatu, Lachiwiri, anaimbiridwa foni ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina yolipira ya ku Woodlands, amene anamva za iye kwa Helen. Ankafuna sola pa makalasi onse, ntchito ya miyezi itatu. Thandazani anayendera madenga, anatchula mtengo wake osagwetsa maso, ndipo mphunzitsiyo anagwedeza mutu kuvomera. Panatsala chinthu chimodzi. Komiti ya sukulu inkakumana Lachisanu masana, ndipo sinkapereka ntchito kwa munthu wopanda kalata yosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino. Kalata ikapanda kufika, ntchito ipita kwa kampani ina imene inali itabweretsa kale mapepala ake.

“Lachisanu izabwela,” anatero Thandazani, ngati kuti kalatayo inali kale pansi pa pilo.

Nambala ya msonkho, imene aliyense amangoti TPIN, anali nayo kuyambira pamene ankatsegula akaunti ku banki. Lachitatu m'mawa anapita ku ofesi ya msonkho m'tauni, kumene mayi wina wa pa desiki anamulembetsa ngati munthu wa bizinesi yaing'ono, n'kumufotokozera modekha kuti azinena yekha zimene wapeza pa mwezi, azilipira gawo lake, ndipo kalata idzatuluka. Popeza foni yake inali yosweka galasi, anakalowa mu kashopu ka makompyuta pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, ka Bruce, munthu wodzaza mafomu a anthu kuyambira a pasipoti mpaka ofunsira ntchito. Bruce analemba K16,000 pamene panafunika, ndipo kompyuta inayankha kuti K750.

Mu chikwama cha Thandazani munali K85.

Bruce anaona nkhope yake, n'kutsitsa mawu. “Ba sister, izo ndalama banakupasani kumanja olo ku banki?”

“Kumanja.”

“Manje vuto ili kuti? Tilembe chabe ziro, ati uyu mwezi simunasebenze. Kalata izachoka lelo lelo. Kulibe wamene azaziba.”

Ndinene zoona, mtima wake unagwedezeka. Chala cha Bruce chinali kale pa batani, ndipo kuseri kwa batani limenelo kunali miyezi itatu ya ntchito. Koma atayang'ana dzina lake pa kompyutapo, anapsa mtima. Chaka chonse anthu ankamuyesa wonyamula makwerero, ndiye lero pepala loyamba la boma lokhala ndi dzina lake linene kuti sanagwire kanthu?

“Ba Bruce, nenze pamwamba pa nyumba masiku folo, zuba yonse pamutu panga,” anatero. “Nilembe ati sininasebenze? Siyani vamene ilili. Nizabwela na ndalama.”

Kulankhula kunali kosavuta. Mnzake wogona naye nyumba, Chilufya, ankadikira kutha kwa mwezi ngati wina aliyense. Okongoza a kaloba analipo pamsika wa Kabwata, koma amenewo ukawapatsa chala amatenga ndi bokosi la zida lomwe. Ndalama zake zinali malo amodzi okha, ndipo anali malo amene mwana wolongosoka sakapemphako. Usiku wonse anatembenuka pabedi, m'mawa n'kudziuza kuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Lachinayi masana anakwera minibasi ya ku Chelstone, manyaziwo atawanyamula pamodzi ndi chikwama.

Anapeza atate ake ali pakhonde, nyuzipepala ataiyandikiza pamphuno. Anawapatsa moni, anafunsa za mwendo wawo, anafunsa za kwaya, anafunsa ngakhale za mtengo wa mapeyala wa kuseri umene sanaufunsepo chibadwire. A Daka anapinda nyuzipepala.

“Mayi, pakati pa sabata sumabwera kudzafunsa mapeyala. Nena.”

Anagwada n'kunena zonse: za sukulu, za kalata, za Lachisanu, za K750, ndi za ziro amene anakana kulemba. Kenako anafika pa chimene anadzera. “Atate, ndikudziwa kuti sizichitika. Ndabwera kudzapempha pa ndalama zija.”

A Daka anaika nyuzipepala pambali. Thandazani ankaopa mkwiyo, koma chimene ankaopa kwambiri chinali chakuti atate ake angomupatsa mwakachetechete, n'kumamuona mwa mtundu wina moyo wake wonse.

“Ndiye kuti mu envelopu muja munali ndalama za eni ake?” anafunsa a Daka.

“Inde, atate.”

“Iwe unkadziwa?”

“Ayi.”

“Inenso ayi.” Anaseka pang'ono, akupukusa mutu. “Taona, kalaliki wa zaka zoposa makumi atatu ndi mmisiri wa magetsi, tagawana ndalama za boma mpaka zina tatumiza ku Katete. Tamvera, mwana wanga. Ine ndinadalitsa thukuta lako, ndipo limenelo silibwerera. Za boma sindinazidalitse, ndilibe nazo mphamvu. Sukulanda mphatso iwe. Ukuchotsa katundu wa mwini m'nyumba mwanga, ndipo wachita bwino kubwera ndisanafe naye.”

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabokosi ka magalasi. Mkati munali ndalama zopindidwa, ndi kakhadi ka kuchipatala cha maso kolembedwa tsiku la Loweruka likudzalo. Apa m'pamene Thandazani anazindikira chimene gawo la atate ake linkadikira. Magalasi amene anali pankhope pawo anali a zaka zisanu ndi zitatu, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wakuda.

“Ayi, atate, izi ndi za maso anu. Ndikafuna kwina.”

“Kuti?” Anawerenga K750 pang'onopang'ono, pepala lililonse akuliyandikiza kumaso. “Maso anga anazolowera kudikira. Komiti yakoyo ndiyo sidikira. Nyamuka, pita ukaike mu foni, ukalipirire pano ine ndikuona.”

Thandazani anathamangira pa kashopu ka ndalama za pafoni kumsewu, n'kubwerera akupuma wefuwefu. Anakhala pa sitepe ya khonde, pafupi ndi mapazi a atate ake, n'kulemba manambala amene Bruce anamulembera pa kapepala. Anawabwereza kawiri, chifukwa pa galasi loswekalo faifi ndi sikisi ankafanana. Atadina batani lomaliza, foni inakhala chete kanthawi, kenako inanjenjemera.

Zotsatira zake anthu a ku Kabwata amazidziwa. Kalata inatuluka Lachisanu m'mawa, inafika ku Woodlands komiti isanakhale pansi, ndipo Lolemba Thandazani anali padenga la sukulu akulamula amuna awiri amene anawalemba yekha. Kuyambira pamenepo ndalama iliyonse ikamufika amayamba wapatula gawo la boma asanagule ngakhale chingwa, ndipo amanyadira zimenezi mpaka anzake amatopa naye. Magalasi anagulidwa mwezi wotsatira. Koma mukamufunsa za msonkho wake woyamba, iye sanena za kalata kapena za sukulu. Amanena za pakhonde paja.

Uthenga utafika pa foni tsiku lija, a Daka anatambasula dzanja. Anaiika foniyo patali, anaiyandikiza, anaipendeketsa kuti dzuwa liwalirepo, koma tizilemboto tinawakana. Anaibweza kwa mwana wawo.

“Ndiwerengere.”

Thandazani anawerenga kuti ndalama zalandiridwa, anatchula tsiku, nambala ya lisiti ndi dzina la wolipira.

“Ine zaka zonse zija ankangondidula ndisanazione n'komwe,” anatero a Daka. “Sindinaperekepo ndi dzanja langa ngakhale kamodzi.” Anavula magalasi akale aja, anawapukuta ndi nsonga ya malaya nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira, kenako anati, “Tabwerezanso pamene pali dzinapo, mayi. Uwerenge pang'onopang'ono.”