Mayi Alinesi Anakana Kukhala Opanda Mnzawo

Mpingo wathu wa ku Bindura waperekeza anthu ambiri kumanda, ndipo amayi ochuluka mwa iwo anadutsa m'manja mwa Mayi Alinesi Phiri asanalowe m'bokosi. Tsopano nawonso tawaperekeza, choncho ndi bwino kuti mbiri yawo ilembedwe anthu owadziwa tikadalipo.

Anabadwira mu komboni ya mgodi wa golide kufupi ndi Jumbo. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kutchona kuno ku Zimbabwe. Sukulu Mayi Alinesi anangoilawa. Ali namwali, amayi awo anamwalira, ndipo tsikulo anaona chinthu chimene sanachiiwale. Pamwambo wathu mwana sasambitsa mtembo wa kholo lake, ntchitoyo amagwira ndi anthu apadera. Kumudzi anthuwo amadziwika, koma mu komboni aliyense anali mlendo. Mtembo unagona mpaka dzuwa kupendeka, amayi akungoyang'anana. Kenaka mayi wina wa ku Mozambique, amene banjalo silinkamudziwa n'komwe, anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'nyumbamo. Mtsikanayo anamutungira madzi, ndipo mumtima analonjeza Mulungu kuti mtembo wa mayi aliyense sudzadikira chotero iye alipo.

Anakwatiwa ndi a Obadiya, obowola miyala pansi pa mgodi, ndipo anasamukira ku Bindura. Kumeneko analowa Chigwirizano cha amayi, n'kuyamba kugulitsa tomato pamsika. Uthenga wa maliro ukafika, ankafunditsa tomatoyo thumba, n'kukatenga beseni lawo loyera, sopo ndi nsalu. Sankafunsa kuti womwalirayo ndi wa mpingo uti kapena wa mtundu wanji. Ankangoti maliro n'kulirana.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankadabwitsa anthu. Madzi ankayamba awatenthetsa, ndipo mtembo ankaulankhula ngati wodwala: "Pepani amayi, ndikutembenuzani." Wina atawaseka kuti wakufa samva kuzizira, iwo anayankha kuti, "Mutu uwu unathiridwa madzi a ubatizo. Sindingautsuke ngati mbatata."

Mayesero sanawalambalale. A Obadiya anadwala chifuwa cha fumbi la mumgodi, ndipo Mayi Alinesi anawadwazika zaka zambiri mpaka kuwaika m'manda. Kenaka panabwera nthawi ya matenda aja amene anatha achinyamata, pamene ngakhale abale ankaopa kukhudza wodwala wawo. Iwo ankalowa nyumba ndi nyumba. Malipiro ake anali manong'onong'o akuti munthu wokonda mitembo chotere ndi mfiti, ndipo tomato wawo ankaolera pathebulo. Zinawapweteka kwambiri, koma ntchitoyo sanaileke. Mmodzi mwa onong'onawo anali Tambudzai, mayi wa Chishona wochokera ku dera la Wadzanai, amene ankagulitsa masamba pathebulo loyandikana nalo. Mng'ono wake atamwalira, anthu onse atathawa, amene anafika ndi beseni anali Mayi Alinesi omwewo.

Atakalamba, mpingo unaganiza zowathokoza. Woyankhula anali a Fainos, mkulu wa mpingo amene Chingerezi chimawayabwa pakamwa ngati chitedze. Anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Mayi awa, pa Chingerezi timati ndi peerless!" Tonse tinaomba m'manja, kuphatikizapo ife amene sitinamve kanthu. Achinyamata anawatola mawuwo n'kumawamwaza paliponse. Goloboyi wogwira bwino mpira anali peerless, ometa tsitsi nawonso, ndipo mayi athuwa anasanduka Gogo Peerless msewu wonse.

Iwo anapirira dzinalo milungu ingapo, kenaka anafunsa mwana wawo wotsiriza, Loyce, amene Chishona chimamufulumira kuposa Chichewa.

"Iwe, dzina andipatsali likuti chiyani?"

"Hapana akafanana nemi, Amayi. Palibe wofanana nanu. Muli nokha."

"Ndekha?"

"Ehe, nokha. N'kukutamani kumeneko."

Mayi Alinesi anayang'ana manja awo, amene nyamakazi inali itayamba kuwapinda. "Nanga ine adzandisambitsa ndani?"

Loyce anati adzachita yekha, koma onse awiri ankadziwa kuti mwana sangatero. Mawu amene ena ankawamva ngati ulemu, kwa mayiwo anali mantha: anakumbukira mtembo wa amayi awo uli gone mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu lotsatira anawaimika a Fainos pakhomo la tchalitchi.

"Abambo, mawu anu aja ndi okoma, koma mwaveka munthu wolakwika. Wopanda wofanana naye ndi Mulungu yekha. Ine ngati ndilibe mnzanga pantchitoyi, ndiye kuti ndaigwira moipa."

Kuyambira pamenepo anayamba kufunafuna wowalowa m'malo. Anayenda m'nyumba za amayi a Chigwirizano, kuyambira ku dera la Aerodrome mpaka m'mapulazi. Ena ankati masiku ano kuli makampani a maliro, za mabeseni zinatha. Iwo ankawakumbutsa za nkhalamba za m'mapulazi ndi akazi a anyamata okumba golide m'maenje, amene kampani iliyonse siiwadziwa. Ena ankanena poyera kuti akuopa. Ambiri ankangoseka n'kumati, "Ife sitingakufikeni, Gogo Peerless." Dzinalo linakhala pobisalira aliyense wosafuna kunyowetsa manja.

Amene anavomera ndi amene sanamuganizire. Tsiku lina pamsika Tambudzai anawaona akulephera kunyamula beseni, ndipo anawalanda mwaukali, akuyankhula mosakaniza Chishona ndi Chichewa. "Ini ndingonyamula madzi chete, Mbuya. Mkati sindilowa." Ananyamula madziwo miyezi ingapo, akuima pakhomo. Tsiku loyamba kulowa anatuluka chothamanga n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Mayi Alinesi sanamunyoze. Anamudikira, ndipo atabwerera anamupatsa nsalu n'kumuuza kuti ayambire kumaso.

M'zaka zawo zomaliza manja anakaniratu. Ankakhala pakampando pambali pa mphasa n'kumalangiza, Tambudzai akugwira. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa: tsiku lina, atatha kusambitsa mtsikana wina wa kupulazi, Tambudzai anakhala pansi n'kumuluka tsitsi, chinthu chimene Mayi Alinesi sanachiganizepo zaka zonsezo. Iwo anabwerera kunyumba akuseka okha, ndipo anatumiza uthenga kwa a Fainos: "Mawu anu aja mukawabweze kumene munawatenga. Tambudzai wandipeza, ndipo wandipitirira."

Anamwalira m'mawa wina m'nyengo yozizira, abusa atangowapempherera, Loyce atawagwira dzanja. Analibe mawu ambiri otsiriza. Anangofunsa ngati beseni lili kwa Tambudzai, ndipo atauzidwa kuti lili komweko anatseka maso.

A Fainos anapempha kuti pamwala wa pamanda padzalembedwe mawu awo a Chingerezi aja. Loyce anakana mwaulemu, ndipo iwo sanaumirire. Chimene mayiwa atisiyira si dzina, koma ntchito imene ili ndi oigwira.

Tsiku limene anamwaliralo, dzuwa lisanakwere, Tambudzai anafika ndi amayi awiri a Chigwirizano amene iye wayamba kuwaphunzitsa. Analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Loyce, amene mwambo unamusiya panja, anakhala pakhonde, ndipo anamva mawu m'Chichewa chopindika cha munthu wobadwira m'Chishona: "Pepani amayi, ndikutembenuzani."

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo Tambudzai anatulutsa ndowa n'kumupatsa Loyce.

"Madziwa azizira," anatero. "Katenthetsenso."