Lupanga Lobuntha la Amalume

Lupangalo linkakhala kuseri kwa filiji, litakulungidwa m'chitenje chakale cha amayi. Linali lalitali kundifika pachibwano, lobuntha mbali zonse, nsonga yake yopindidwa kuti isalase munthu. Amalume anabwera nalo kwathu ku Najma, dera la mumzinda wa kudziko lakunja kumene tinkakhala, pamene hotela ya ku Al Dafna imene ankalondera inatseka chifukwa cha Covid. Anawapatsa ndi mphunzitsi wina wachizungu amene Lachisanu lililonse ankaphunzitsa pahotelapo kamenyedwe ka makolo a ku Ulaya. Amalume ankangoonerera ali pakhomo, mpaka tsiku lina mphunzitsiyo anawakodola kuti alowe. Pobwerera kwawo, ndege zisanaleke kuuluka, mphunzitsiyo anawasiyira lupangalo ndi mapepala a zithunzi za m'buku lakalekale.

Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu inali ya pafoni. Amayi ankagwira ntchito pachipatala. Ankafika masaya atadindika zingwe za masiki, n'kugona osavula nsapato. Choncho m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuotcha, amalume ankanditengera padenga, pakati pa mathanki a madzi ndi zitosi za nkhunda. Iwo lupanga, ine mtengo wa mopu.

Ankaliyika pachala chimodzi, pafupi ndi chitsulo chopingasa choteteza dzanja, ilo n'kukhazikika osagwa. Chinsinsi, ankatero, chinali chibulumwa cha kumapeto kwa chigwiriro, chimene chinkapepukitsa nsonga. Ngalande ya pakati pa lupanga sinali yodutsa magazi monga anthu amanenera, koma yochepetsa kulemera. Kufupi ndi dzanja lupanga ndi lamphamvu, kunsonga ndi lofooka. Wanzeru amagwira kofooka kwa mnzake ndi kwamphamvu kwake. Lero ndimaona kuti sankaphunzitsa ine kwenikweni. Munthu wa zaka makumi anayi, wogona pansi m'chipinda cha mlongo wake, ankafuna chifukwa chodzukira.

Kutentha kutakula, chitsulo chinkaotcha m'manja, ndiye tinayamba za manja okha. M'mapepala muja munali amuna ovala zothina, akugwetsana. Amalume ankayala makatoni, n'kundigwira pakolala, ine n'kupotokola chigongono chawo, kulowetsa chiuno, iwo n'kudzigwetsa okha ngati thumba la mpunga. Tinabwereza zimenezi mpaka ndinkazilota. Thukuta lawo linkanunkha sanitaiza ndi anyezi.

Kenako kunamveka kuti lamulo lasintha: munthu atha kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana wakale. Amalume anapeza malo a udalaivala. Chotsala chinali pasipoti, imene kapitawo wa kampani ya alonda anali akusungabe. Amayi anali kuntchito, ndiye amalume ananditenga.

Tinadikira panja pa ofesi kuyambira m'mawa mpaka mithunzi inatha. Kapitawoyo atatuluka, amalume anafotokoza mwaulemu, masiki ili kukamwa. Iye anayamba kukalipa kuti ndi osayamika. Kenako anawagwira pakolala, ndendende mmene amalume ankandigwirira padenga paja, n'kuwakankhira kukhoma. Chigongono chake chinali poyera, ndipo anali wamfupi, wamimba. Ndinadikira.

Amalume anaika manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake.

Pasipoti inaponyedwa pansi. Anawerama, anaitola, anaipukuta pathalauza, n'kuthokoza m'Chingerezi.

M'basi ndinakhala mpando wakutali. Titatsika anandigulira madzi a malalanje, ine ndinakana.

"Bwanji simunamugwetse? Mumanama eti?"

"Tamwa madziwo, mwana wa mlongo wanga," anatero.

Padenga sindinakwerenso. Ankagogoda pakhoma ndi mtengo wa mopu uja, ine n'kudzigonetsa. Patapita masabata awiri anasamukira kukampu ya madalaivala, kunja kwa mzinda, ndipo tsiku lonyamuka ndinatsanzika maso ali pafoni. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, koma analibe mphamvu zondikalipira.

Ndinkadziwa kupotokola mkono wa munthu wamkulu. Sindinkadziwa kuti pamwamba pa chitseko cha ofesi ija panali kamera, kuti mlendo akakweza dzanja pamunthu m'dziko la eni amakagona kupolisi n'kukwezedwa ndege, ndiponso kuti kumudzi kunali ana awo atatu, wamng'ono asanamuonepo ndi maso. Ndinkangoona munthu wamantha akutola kabuku m'fumbi.