Ndinatsikira Apongozi Pakati pa Mpikisano wa Njinga

Ana a masiku ano akamva kuti ndinapambanapo mpikisano wa njinga ku Limbe amayamba ayang'ana miyendo yangayi, kenako n'kuseka. Aseke. Miyendo imeneyi inali ina m'zaka za m'ma fifite, pamene ndinali mesenjala pa esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje. Ntchito yanga inali kupita ndi thumba la makalata ku Boma m'mawa uliwonse n'kubwerako ndi lina, nthawi zina atandisanjikiranso bokosi la zitsulo za kufakitale. Njinga inali yangayanga, yakuda, yolemera ngati thole, ya kaliyala yoti munthu wamkulu n'kukhalapo osadandaula. Ndikuvomera kuti ndinkanyada nayo mopitirira muyeso. Belu lake ndinkalikwecha ndi phulusa Loweruka lililonse.

Belu lomwelo ndi limene linandiputira mlandu.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina cha ku Limbuli. Makolo anga ndi makolo a mkazi wanga onse anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo mwambo anabwera nawo wosatayako. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, salankhulananso. Ukawaona akubwera umapatuka, n'kunjuta utafulatira, n'kumawomba m'manja mpaka adutse. Ukakhala panjinga umayamba watsika. Mawu akakhalapo amadzera mwa mkazi wako. Zaka zitatu ndinasunga zimenezi osaphonya, ngakhale apongozi anga anali munthu wovuta kusangalatsa, wamfupi, wowuma thupi, wa maso oona chilichonse.

Tsiku lina m'nyengo ya chiperoni ndinkatsetsereka kanjira ka pakati pa tiyi, nkhungu ili tolo. Kutsogolo ndinangoona mtolo wa nkhuni ukuyenda. Ndinaliza belu, osati kamodzi, koma katatu, mwamwano wa munthu wothamangira ntchito ya Mzungu. Wonyamula nkhuniyo anadzidzimuka, nalumphira m'tiyi, mtolo n'kumwazika. Podutsa ndinacheuka, ndipo maso anga anagwera m'maso mwa apongozi. Apa mpamene ndinachita chopusa chenicheni. M'malo motsika, manyazi anandigwira m'miyendo, ndinapalasa ngati wothawa njuchi.

Madzulo ndinapeza mkazi wanga atakhala pakhonde, mwana wathu wamkazi ali pamiyendo, maso ali psuu.

"Mwachita chiyani, abambo ake a mwana?" anandifunsa. "Amayi akuti mkamwini wowalizira belu akalizire kwawo. Atumiza kale mawu kwa ankhoswe."

Ndinachita mantha, ndipo sindikubisa. Mkamwini akachotsedwa amangonyamula bulangete lake. Mkazi amatsala, mwana amatsala, nyumba imene anamanga ndi manja ake imatsala. Ndinayesa kutumiza nkhuku yopepesera, inabwerera isanamasulidwe miyendo. Chimene chinachedwetsa mlandu n'chakuti apongozi anali ndi ulendo wa ku Limbe wokaona mdzukulu amene anali atangobadwa kwa mwana wawo wamwamuna, mlamu wanga, wogwira ntchito ku njanji. Anagwirizana kuti ankhoswe adzakhala pansi Lamulungu loyamba apongoziwo akadzabwerako.

Mlamu wangayo tinkagwirizana ngati abale a bere limodzi. Patapita sabata ndinapeza kalata yake m'thumba lomwe ndinkanyamula ndekha. Ananena kuti wamva za belu ndipo waseka mpaka kupweteka nthiti. Kenako anandinyengerera kuti ndipite ndikapitidwe mphepo. Ku tauni, iye anati, Loweruka silikwana: kuli bayisikopo, kuli mpira, kuli bandi, kuli dansi, ndipo Loweruka likubwerali eni masitolo ogulitsa njinga akonza mpikisano woti aliyense wokhala ndi njinga alowe. Analonjeza kuti adzandigoneka kwa mnzake, amayi ake sadzadziwa n'komwe kuti ndafika.

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali nditamuuza. "Mlandu wa njinga uli pakhomo, inu mukupita kokathamangitsa njinga yomweyo?" Analondola. Koma mtima wanga unali utatopa ndi kudikira, ndipo ndinkaganiza kuti ngati n'kuchoka pamudzi, bola ndichoke nditaonako kunja. Ndinapempha tchuthi kwa akalaliki, Lachisanu masana ndinanyamuka. Ndinadzera pa Nkando, pomwe ndinagula chinangwa chootcha, n'kukwera zitunda za ku Midima dzuwa likupendeka.

M'mawa mwake mlamu anandiyendetsa m'tauni ngati mwini wake. Anandionetsa sitima ikupuma utsi pasiteshoni, iye akuitchula ngati ng'ombe ya m'khola mwake. Tinadutsa m'makonde a masitolo a Amwenye momwe atelala ankapalasa makina mondondozana, galamafoni ikulira pakhomo. Pakhoma la bayisikopo panali chithunzi cha munthu wa chipewa chachikulu atakwera hatchi, ndipo mlamu anandifotokozera nkhani yonse ngakhale anali asanaonere. Tinalowa m'tiyirumu, ndinamwa tiyi wamkaka ndi sikono. Ndinaseka ndekha poona kuti tiyi weniweni ndadzamumwera ku Limbe, pamene ife okhala pakati pa minda yake tinkamwa fumbi lotsala. Kulikonse anthu anali atatchena, akufunsana kuti masana apita kuti, ku mpira kapena ku njinga. Kwathu funso lotero kunalibe. Loweruka masana unkadziwa wekha kuti ukupita kumunda.

Poyambira mpikisano panali bandi ndi chikhamu cha anthu mbali zonse ziwiri za msewu. Opikisana nawo ambiri anali anyamata a m'tauni, makalaliki ndi ogulitsa m'masitolo, atavala makabudula oyera. Njinga zawo zinali zopyapyala, atazichotsa madigadi ndi chilichonse cholemera, zina zogwirira zake zopindikira pansi. Mlamu anandinong'oneza kuti timasule kaliyala. Ndinakana. Njinga yopanda kaliyala kwa ine inali ngati munthu wopanda malaya.

Mmodzi wa anyamatawo anagogoda kaliyalayo ndi chala. "Achimwene, msika uli uko. Mwabwera ndi nanazi?" Anzake anaseka, wina n'kuponyapo dzina lija ankatinyoza nalo ife Alomwe masiku amenewo. Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha, koma ndinangoyang'ana pansi. Mlendo sayamba ndewu.

Njira inali yotuluka m'tauni, kukazungulira pamphambano ina kutali ndithu, n'kubwerera, ndipo kumapeto kwake kunali chitunda chachitali chokafika pomwe panali bandi. Wina anagwetsa mbendera, tinanyamuka. Poyamba anandisiya onse. Njinga zawo zinkangouluka, yanga ikuchita kuganiza kaye. Koma ine ndinazolowera mtunda, ndipo phula limenelo linali ngati mphasa poyerekeza ndi miyala ya kwathu. Tisanafike pamphambano ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ena akupuma ndi pakamwa, ena ataima kukonza tcheni. Pobwerera ndinapezeka ndili patsogolo. Ndinacheuka kawiri kuti nditsimikize. Ndinali patsogolo ndithu, anayi akunditsata chapatali pang'ono.

Pofika patsinde pa chitunda chomaliza, pomwe anthu anali atapanikiza msewu, ndinaona nsalu yabiriwira ya madontho oyera. Nsaluyo ndinkaidziwa bwino chifukwa ndinagula ndine. Apongozi anali kutsogolo kwenikweni kwa anthu, zala za kumapazi zili paphula, mkazi wa mlamu wanga ali pambali ndi khanda kumbuyo. Ndinamva pambuyo pake kuti anangotuluka kudzaonera bandi, za ine sankadziwa kanthu.

Anthu amandifunsa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinaganiza zambiri m'kanthawi kochepa. Ndinadziuza kuti kuno n'kutauni, mwambo unatsala ku Mulanje. Ndinadziuza kuti ndiweramitse mutu, mwina sandizindikira. Koma kaliyala ija inali yokhayo mumpikisano wonse, ndipo ndinaona mutu wawo ukutembenuka kuitsata. Kuwadutsa kachiwiri ndili pachishalo kukanakhala kudzitsekera ndekha chitseko cha nyumba yanga. Popatukira panalibe, anthu anali mbali zonse.

Ndinagwira mabuleki. Ndinatsika, ndinagoneka njinga m'mphepete mwa phula, ndinanjuta nditafulatira, n'kuyamba kuwomba m'manja.

Kunabuka chiphokoso cha kuseka. Ena ankafunsa ngati ndagwidwa ndi m'mimba, ena ankati ndikupemphera. Ndinamva matayala akudutsa kumbuyo kwanga, fyuu, wina, fyuu, mpaka anayi onse. Chilichonse mwa ine chinkafuna kudzuka. Vuto linali lakuti mwambo umati udikire apongozi adutse, koma iwowa sankapita kulikonse. Anabwera kudzaima. Ndinazindikira kuti ndikhoza kunjuta pamenepo mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndinavomera mumtima kuti zikhale choncho.

Ndiye ndinamva mawu amene kwa zaka zitatu ndinkangowamvera kuseri kwa mpanda akulankhula ndi ena. Anali a Chilomwe, okuwa, olunjika kwa ine.

"Bambo, ndaona. Dzukani, kwerani! Mukufuna atiseke tonse? Musalole ana oonda awa akupitireni."

Sindikumbukira kuti ndinakwera bwanji. Ndinangopezeka ndaimirira pazopalasira, njinga ikugwedezeka uku ndi uku. Chitunda chimenecho kwa anthu a ku Limbe chinali chitunda. Kwa ine chinali chaching'ono kuposa chimene ndinkakwera tsiku ndi tsiku ndi thumba la makalata, ndipo tsikuli kumbuyo kunalibe katundu. Woyamba ndinamupeza akuyenda mokhotakhota. Wachiwiri anali atatsika, akukankha. Wachitatu anayesa kunditsekera njira, ndinamulambalala cha kumanja. Anthu omwe ankaseka aja tsopano ankathamanga m'mbali mwa msewu akukuwa kuti wa kaliyala, wa kaliyala. Wotsala anali yemwe uja wa nanazi. Tinayenda mapewa ali pamodzi, ndikumva kupuma kwake, iye akumva kwanga. Pafupi ndi chingwe ndinaponda komaliza ndi mphamvu zonse zimene ndinatsala nazo, ndipo tayala langa lakutsogolo linayamba kufika.

Ndinakondwa. Ndinakondwa mwakuti ndinagwa pansi n'kumaseka ngati wamisala, bandi ikuimba pamutu panga. Anthu osawadziwa anandinyamula pamapewa. Alomwe ogwira ntchito ku njanji ndi m'mafakitale a fodya, amene m'tauni ankabisa chilankhulo chawo, anabwera kudzandipatsa moni m'Chilomwe mokweza, pamaso pa aliyense. Anandipatsa matayala awiri atsopano ndi nyale ya njinga. Wa nanazi uja anadzandigwira chanza, akufunsa kuti kodi ndinatsikiranji. Nditamuuza anapukusa mutu, nati anthu a ku Mulanje sadzatimvetsa.

Apongozi sindinawaonenso tsiku limenelo. Mlamu anandiuza kuti amayi ake atafika kunyumba anangopempha madzi akumwa, za mpikisano osanenapo kanthu. Choncho ndinabwerera kumudzi ndi matayala paphewa koma mtima uli m'malere. Kukuwa pamsewu n'kwina, kukhululuka n'kwina. Mwinanso ndinali nditawonjezera mlandu powalankhulitsa pagulu.

Anabwerako pakati pa sabata, ndipo Lamulungu titaweruka kutchalitchi ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala potero pamwala, nditafulatira monga mwa mwambo. Malume a mkazi wanga anatsegula nkhani, napempha mlongo wawo kuti afotokoze dandaulo lake.

Za belu anazinena mwachidule, mawu atatu anayi basi. Kenako anati, "Koma ndikuuzeni zimene ndaona ku Limbe." Apa ndiye anatambasula. Anafotokoza za bandi, za anyamata a makabudula oyera, za chikhamu cha anthu. Ndinkamva mapazi awo akupalasa fumbi, kusonyeza kuti aimirira ndipo akuyerekeza. Anthu ankaseka, iwo n'kubwerezanso pomwe ndinagoneka njinga.

"Anali patsogolo pa onse," anatero. "Mphotho ili apo, akuiona. Anaisiya chifukwa cha ine, nkhalamba yopanda nsapato. Azungu analipo, Amwenye analipo, onse anaona kuti ine ndili ndi mkamwini."

Malume anatsokomola. "Nanga mlandu uja, achemwali, tiutani?"

"Nkhuku ija abweretsenso, ndilandira. Ndipo mwana wanga awauze amuna ake kuti dimba la kumtsinje lija, la nzimbe, kuyambira lero ndi lawo. Mwezi uno usathe asanatipule."

Dimba limenelo linali la malemu amuna awo, ndipo ana awo enieni anali atalipempha kangapo osapatsidwa. Munthu amene ukufuna kumuchotsa sumupatsa malo a madzi. Ndinamva mkazi wanga akuyamba nthungululu, mawu n'kumuthera pakati. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu monga kuyenera. Mwayi wake mwambo unkafuna kuti ndikhale chofulatira, choncho palibe wamkulu amene anaona nkhope yanga. Anaiona ndi mwana wanga yekha, amene anayenda dzandidzandi kuzungulira mwala uja, nadzaima patsogolo panga, n'kuyamba kundipukuta misozi ndi kadzanja kake kodzaza dothi.