Nsonga ya Chitenje cha a Dainess

A Dainess ndakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zinayi m'nyumba za kampani, pa esiteti ya tiyi kumtunda kwa Chitakale. Khoma lathu ndi limodzi. Akatsokomola ndimamva.

Anabadwira pa esiteti pomwepo. Agogo awo aamuna anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo ankasenza nkhuni za bulugamu kupita nazo kung'anjo masiku amene makina ankayendera nthunzi. Bambo awo anaona magetsi akulowa m'fakitale, osenza nkhuni ambiri n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. A Dainess anayamba ndi dengu kumsana, kuthyola tiyi. Kenako anawatengera m'chipinda chofotetsera masamba.

Ntchito yawo inali m'dzanja. Masamba akachokera kumunda amawayala pamathebulo aatali, mafani n'kumawomba pansi pake kuti afote. Akapanda kufota bwino tiyi sakoma, akafota mopitirira amawonongeka. A Dainess ankatapa masamba, kuwafinya m'chikhatho, n'kutsegula. Masambawo akagwirana osathyoka, ankangogwedeza mutu kwa kapitawo wawo, a Isake, masambawo n'kupita kokagayidwa.

Chaka chatha kunabwera a Austin, katswiri wa makina wochokera ku Blantyre. Anamangirira timaso tagalasi pamwamba pa thebulo lililonse. Timasoto timayeza chinyezi m'masamba, timazimitsa tokha mafani, ndipo zonse zimaonekera pafoni ya manijala ngakhale ali kunyumba.

"Mayi, makinawa ndi anzeru, koma tiyi wa kuno sakumudziwa," anatero a Austin. "Mukafinya muzindiuza, ine ndizilemba mu kompyuta."

"Anzeru ake ati, achimwene, ofunsa kwa ine wa Sitandade 4?"

Miyezi itatu ankatsalira anzawo ataweruka, kufinya ndi kunena. Palibe amene ankaziwerengera ngati ntchito. Akafika kunyumba kunali kutunga madzi ndi kusambitsa mayi awo, amene anasiya kuyenda kalekale.

Tonse tinkadziwa kumene zikupita. Kuno nyumba imayendera ntchito: ntchito ikatha, makiyi umabweza. Ena ali ndi kumudzi. A Dainess alibe munda, alibe mudzi, ndipo mayi awo ndi oti uwanyamule.

Tsiku lina ndinaona nsonga ya chitenje chawo itada bii. Anandiuza kuti fumbi la tiyi lochokera kosefera limamatirira patimaso tija, ndiye m'mawa uliwonse, belu lisanalire, amatipukuta tonse makumi anayi.

"Mukupukuta chinthu chimene chikudya ntchito yanu?" ndinafunsa.

"Nanga ndidutse chinthu chili mbuu? Manja amangopita okha, anzanga."

Mu Meyi akampani anakhoma pepala pageti. Mayina asanu ndi atatu a m'chipinda chofotetsera, lawo lachitatu, ntchito kutha kumapeto kwa Juni. Sanalire. Anayamba kupempha makatoni kugolosale.

Sabata yotsatira azakhali awo anamwalira ku Limbuli. Anapita kukaphika ndi kutunga madzi pamaliro, masiku asanu, mayi awo atandisiyira ine. Tsiku lachinayi mafani sanazime nthawi yake. Foni ya manijala inkati zonse zili bwino, koma masamba a mathebulo asanu ndi limodzi anauma gwa, anakawataya. A Austin anabwera, anatsegula mabokosi, anayesa mawaya tsiku lonse, osapeza vuto.

A Isake ndiwo ananena. "Bwana, dikirani a Dainess. Pali chimene amachita m'mawa."

A Dainess atabwera, mutu uli wometa, anakwera pabenchi n'kupukuta kadiso kamodzi. Manambala pa kompyuta anasintha pomwepo. A Austin anakhala pansi, akudzisisita kumaso.

"Ife tinkati kamodzi pamwezi n'kokwanira. Mwakhala mukuchita izi kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munatimangirira."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

Dzina lawo analifufuta papepala lija. Tsopano analembedwa ngati wosesa, ntchito yotsika kuposa yoyamba, ndipo anawapatsa kansalu kachikasu kopukutira. Nyumba akadali nayo. Makatoni aja anapatsa anzawo asanu ndi awiri amene mayina awo anatsala, ndipo tinawathandiza kumanga katundu.

Dzulo tinakumana pampopi. Anatula ndowa, akuwongola msana, n'kundiuza kuti akamadutsa ndi tsache amatapabe masamba n'kufinya, ndipo mvula ikagwa makina aja amachedwa pang'ono kuzimitsa mafani.

"Mumawauza mabwana?"

"Akandifunsa," anatero. Ndinawasenzetsa ndowa, iwo n'kupita kukasambitsa mayi awo.