Cholinga Chimene Chinazungulira Nyumba

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa ku Rufunsa, kakoleji kathu kankafuna kuyambitsa maphunziro a zaulimi. A ku unduna ku Lusaka anati satilola mpaka tilembe cholinga cha maphunzirowo, chachidule, choti munthu n'kuchinena osapuma. Akanatikaniza, ana amene tinali titawalemba kale akanabwerera kwawo ndi zikwama zawo. Cholembera anapatsa ine, poti mu komiti yonse wamng'ono ndinali ine.

Tsono kuno mawu a munthu wamkulu safufutidwa. Ba cheyamani anati cholinga ndi kuchulukitsa chimanga. Ndinalemba. Abusa anati, "Nanga kuopa Mulungu?" Ndinalemba. Mayi wina wa ku Chinyunyu anafuna mbuzi, ba hedi a sukulu opuma ntchito anafuna ulemu ndi kupisira malaya, wina n'kudzuka kutulo kuti njuchi tisaziiwale. Ine kumangoti "Zoona, bambo," mkono ukuwawa. Ndinkaopa, ndisaname.

Tinaitana wolemba zikwangwani kuti achiike pakhoma. Khoma la kutsogolo linatha tili pa mbuzi. Anakhota nacho pakona, n'kudutsa pamwamba pa mawindo, mpaka njuchi zinakathera pafupi ndi chimbudzi.

Mayi woyendera masukulu atafika kuchokera ku Lusaka, anayamba kuwerenga akuyenda, komiti yonse pambuyo pawo ngati tikuperekeza maliro. Atamaliza kuzungulira anapukuta thukuta.

"Analemba ndani?"

Zala zonse zinaloza ine. Anthu awa!

"Aphunzitsi, ndiuzeni mwachidule," anatero mayiwo. "Mwana akamaliza pano, azikatha kuchita chiyani?"

Kusankha chimanga kunali kunyoza abusa, kusankha mbuzi kunali kuputa ba cheyamani. Koma ana aja anali pamawindo, akusuzumira. Ndinangoti, "Azikatha kudyetsa banja lake ndi munda umene ali nawo, mayi."

"Lembani chimenecho. Zinazi mufufute." Anasaina pepala, n'kukakwera galimoto.

Ana anakhala, ndipo ndinasangalala kwambiri. Koma komiti inandikwiyira yonse, moni wanga ankayankha ndi mphuno. Laimu wofufutira ndinapaka ndekha, Loweruka m'mawa. Ndili pamwamba pa makwerero, ndinamva wina wawagwira m'munsi kuti ndisagwe. Kuyang'ana, ba cheyamani. Mtima unakhala pansi, ndinati basi andikhululukira.

"Mwana wanga," ananong'ona, "yambira kwa abusa uko. Chimanga changa udzafufute pomaliza."