Chitsamba Chofiira Kuseri kwa Mpanda

Merle Tanna anachapa nsalu za pachipatala moyo wake wonse, m'tauni yaing'ono ya alimi a nzimbe kufupi ndi mzinda wa Mackay. Sanakwatiwe. Amuna ankabwera ndithu, koma iye ankawayang'ana monga ankayang'anira nsalu yothimbirira, n'kuwabweza. Atapuma pantchito anatsala m'kanyumba kake kamalata, iye ndi wailesi, ndi chitsamba cha masamba ofiira chimene chinkamera m'chitini pakhomo. Chitsambacho anamusiyira ndi bambo ake, amene ankathyola nthambi yake n'kukaibzala kulikonse kumene asamukira. Ankangoti, "N'cha agogo ako a Sam ichi, usadzachiphe." Chifukwa chake sananene, ndipo Merle sanafunse. Madzulo alionse ankachithira madzi otsukira mbale.

Tsiku limene dokotala anamuuza kuti mtima wake watopa, Merle sanalire. Imfa anali atazolowerana nayo kuchipatala kuja. Chimene chinamusautsa chinali china: akagona pafupi ndi ndani? Matupi a makolo ake anawotchedwa, phulusa mchimwene wake anakalimwaza mumtsinje, kenako mwiniwakeyo n'kupita ku Perth, osamvekanso. Merle anali atadya yekha zaka zonsezi osadandaula, koma zoti kumandanso akakhale pakati pa alendo anazikana. Anatsimikiza mtima kuti apeza pamene anagona a Sam.

Zimene ankadziwa zinali zochepa. A Sam anabwera pa chombo kuchokera kuzilumba za kutali m'nyanja ali anyamata, kudzadula nzimbe, kaya mwa kufuna kwawo kaya mochita kuwakoka. Merle anayambira pa kalembera. Ankakwera basi kupita ku laibulale ya ku Mackay, n'kukhala pa makina owerengera mapepala akale mpaka maso kuchita chidima. Kumeneko n'kumene anaphunzira khalidwe la boma lathu lakale: likatha kuwerenga anthu, mapepala a mayina linkawawononga, n'kusunga chiwerengero chokha. Anangopeza mzere umodzi wonena kuti chaka chakutichakuti m'deralo munali anthu a kuzilumba ochuluka mwakuti. Agogo ake anali mmenemo, koma anali nambala chabe.

Kunatsala kuparishi. Makiyi a kabati ya mabuku ankasunga Colin Farrugia, mlimi wa nzimbe wopuma, amenenso ankatchetcha udzu kumanda. Anali munthu wa pakamwa posauma.

"Anti Merle! Mwabwera kudzalapa? Ansembe kulibe, koma ululirani ine, ndine wogontha kale."

"Iwe Colin, machimo anga anaguluka limodzi ndi mano. Tsegula kabatiyo, ndikufuna buku la ubatizo."

"Mukufuna kutsimikiza ngati munabatizidwadi? Ifenso timakayika."

"Tsegula, mwana wopanda mwambo iwe!"

Bukulo linali lonunkha nkhungu, m'mbali mwake mphemvu zitadya. Merle anayendetsa chala pang'onopang'ono, ndipo dzina lija linatulukira: Sam Tanna. Mtima wodwala uja unadumpha ngati wa mtsikana. Anasisita dzinalo. Kenako anatsegula tsamba lotsatira, n'kupezanso Sam Tanna wina. Patsogolo pang'ono panali wina, ndi winanso.

Merle ankadziwa kuyambira ali mwana kuti Tanna ndi dzina la chilumba, koma anali asanaganizepo tanthauzo lake. Akapitawo a m'minda sankadzivutitsa ndi mayina a anthu otsika m'chombo. Ankangotola dzina lachizungu limene labwera pakamwa, n'kulumikiza ndi la chilumba chimene munthuyo wachokera. Wansembe naye ankalemba zimene wauzidwa. Ndiye a Sam Tanna analipo anayi, opanda dzina la bambo, opanda la mudzi, zaka zawo zongoyerekeza. M'buku la maliro azungu anali ndi nambala ya manda aliyense. A kuzilumba anangowalembera mawu amodzimodzi: kuseri kwa mpanda.

Anabwerabe sabata ndi sabata, akuyerekeza masiku a ubatizo ndi a maukwati, kufuna kuti mmodzi mwa anayiwo avomere kuti ndi wake. Palibe anavomera. Colin anasiya nthabwala, n'kumangomuikira kapu ya tiyi pambali. Merle ankabwerera kunyumba ali wosungulumwa kuposa mmene anayambira, pakuti poyamba anali ndi gogo mmodzi wosowa, tsopano analibe ngakhale dzina.

Tsiku lina anatseka bukulo. "Kandionetse kuseri kwa mpandako."

"Kulibe kanthu, Anti. Ndi udzu basi. Mungopsa ndi dzuwa."

Anapitabe, Merle akupumira m'njira. Zinalidi zoona. Kuseri kwa mpanda wa waya wa kumanda kunali kabwalo ka udzu kofika mpaka m'munda wa nzimbe, kopanda mwala, kopanda mtanda.

"Mwaonatu," anatero Colin. "Komanso kuno kumandithyolera makina otchetchera udzu. Kuli tizitsamba tina touma mutu, ndimatidula mwezi uno, mwezi wamawa tatulukanso. Bambo anga analimbana nato, ine ndalimbana nato. Onani aka."

Anakankha udzu ndi nsapato. Pa chitsa chakale, chodulidwadulidwa, panali patatuluka timasamba tofiira. Merle anagwada, ngakhale dokotala anamuletsa, n'kugwira tsamba limodzi. Linali lomwe lija la m'chitini. Atakweza maso anaona china chapafupi, china patsogolo pake, zitandandalika mumzere wowongoka bwino, kutalikirana kwake kokwana munthu wogona.

"Colin, awa si maudzu. Anthu analibe miyala, ankabzala ichi kumutu kwa manda."

Colin anavula chipewa. Nkhope inamufiira mpaka m'makutu. "Mayo ine. Zaka zonsezi ndimayendetsa makina pamitu pa anthu?"

"Sunadziwe. Inenso ndachithirira moyo wanga wonse osadziwa kuti n'chiyani."

"Nanga anuwo ndi ati?"

Merle anayang'ana mzere wonsewo nthawi yaitali. "Sindikudziwa. Sindidzadziwanso."

M'mawa mwake anakwera basi atafungata chitini chija pamiyendo, masamba akukwapula anthu kumaso. Colin anamukumbira kadzenje kumapeto kwa mzere, pafupi ndi nzimbe. Merle anang'amba chitinicho, chomwe chinali chitadyeka kale ndi dzimbiri, n'kubzala chitsambacho ndi manja ake.

"Ichi n'changa," anatero akudzipukuta dothi. "Ikadzakwana nthawi uwauze okumba ayambire apa. Mmodzi mwa awa ndi wanga, enawo andizolowera."

"Ansembe ndikawauza lero lomwe. Akakana ndidzakumba ndekha."

"Ndipo makina akowo ndisadzawamve pamutu panga."

Colin anavomera ndi mutu.

Madzulo Merle anadya, anatsuka mbale yake imodzi ndi kapu. Mwa chizolowezi ananyamula beseni la madziwo n'kutuluka nalo panja. Pakhomo panangotsala chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pasimenti. Anaima pamenepo ndi beseni m'manja, akusowa pothira.